Paipi ya Katapila ku Bartang

Chigwa cha Bartang
19 Epulo

Okondedwa achemwali Mohbegim,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi amayi muli bwino ku Dushanbe. Kuno ndakusowani. Kalatayi ndapatsira aphunzitsi a m'mudzi muno, omwe alimba mtima kuti adutse pachigumukire ndi chingwe.

Akuntchito anatitumiza kuno ine ndi Qurbonbek, woyendetsa katapila, kuti tidzatsegule msewu umene phiri linakwirira. Tili mkati mokumba, phiri linagumukanso kumbuyo kwathu. Tsopano kutsogolo miyala, kumbuyo miyala, kumunsi mtsinje, ndipo mawaya a foni anapita nawo.

Mwala wina unaphwanya paipi yachitsulo yopititsa oyilo kumkono wa katapila, mkonowo n'kugwa ngati wa munthu wakufa ziwalo. Nditatsegula bokosi limene anatilongedzera kuntchito, ndinapeza zolumikizira zonyezimira bwino, koma mazinga ake ndi ena. Nati imalowa pang'ono n'kukakamira. Ukaikakamiza imaoneka ngati yagwira, koma oyilo akabwera ndi mphamvu amaitaya kutali.

Ufa m'mudzi ukutha. Agogo Shodmon, omwe amatisunga, anandibweretsera paipi ya madzi imene anazula kumunda kwawo.

"Mwanawe, paipi ndi paipi. Manga iyi."

"Agogo, iyi ndi yopyapyala. Iphulika ngati chikhodzodzo cha nkhosa."

"Ndiye mmisiri wam'tauni anabwera kudzatithera tiyi basi?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka.

Pamapeto ndinamasula paipi yochindikala pa thalakitala yakale yomwe inafera kuseri kwa sukulu. Kukula kwake kunafanana, nati inalowa mpaka kumapeto. Qurbonbek ataliza injini, mkono unadzuka, amayi m'mudzi n'kuyamba kuwomba m'manja.

Koma penapake pankadonthabe. M'malo mofufuza podonthapo ndi katoni monga timachitira, ndinayendetsa dzanja papaipi ina yamphira. Chinachake chinandibaya ngati munga pachala chakumanja, chija timavalapo mphete. Kabowo kake n'kosaoneka, koma oyilo wotuluka mwamphamvu analowa mkati mwa mnofu.

Qurbonbek anatsika atatuwa. "Nazarsho, m'bale wanga, ichi n'cha madokotala a ku Khorog, lero lomwe. Ndinaonapo munthu zitamuchitikira..."

Sanamalize, ndipo sindinamufunse. Njira ya aphunzitsi imafuna manja awiri pachingwe. Komanso ndikachoka, palibe wina wodziwa kumanga zolumikizirazi zikamasuka, ndipo zimamasuka pafupipafupi. Choncho Qurbonbek akukumba, ine ndikuyenda pambali pa katapila ndi sipanala kumanzere. Njira yanga ya kuchipatala ndi yomweyi tikukumbayi. Agogo Shodmon sakundinyozanso. Amandimanga nsanza yofunda, n'kumayang'ana kumbali.

Chalacho chatupa ndipo chasintha mtundu, koma sichikupweteka ngati dzana. Ndikuyesa ndiye kuchira kwake.

Amayi muwauze kuti ndanenepa ndi batala wa kuno, zina zonsezi musawawerengere. Alamu andipezere zolumikizira za mazinga oyenera, aphunzitsi awafotokozera kukula kwake. Mavjuda mumupatse moni wanga wonse, mumuuze kuti tsiku la ukwati wathu silisintha. Koma mphete yanga ija, achemwali, mupezereni chifukwa chilichonse, asafulumire kukaigula.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Nazarsho