Mawu anga pa manda a Bertha

Lolemba, 9 Sepitembala

Ine Ferdinand wa ku Nangongwe ku Kafue, zaka 74. Kusukulu sindinapondeko, atate anati wachibwibwi angotha choko cha aphunzitsi. Zilembo ndinatola pa ntchito ya njanji.

Mwezi wamawa tivundukula mwala pa manda a mkazi wanga Bertha. Mlamu wanga Lighton akuti alankhula ndiye, ngati pa maliro paja. Tsiku lija anauza anthu kuti Bertha anali mayi wofatsa. Bertha? Amene anamenya kondakitala ndi nsomba youma? Ine chilili pambali ngati mlendo.

Lachinayi, 19 Sepitembala

Mwana wanga Thokozile wanditengera kuchipatala ku Lusaka, kwa mayi wothandiza achibwibwi. Jakisoni palibe, mapilisi palibe. Akuti pumani kaye, liwu mulilowe mofewa, osalikankha. Akuti chibwibwi sichidzatheratu. Ndakwiya. Ulendo wonsewu kudzaphunzira kupuma, ine nkhalamba?

Koma mayiyu sananditsirizire liwu ngakhale limodzi. Anangodikira.

Lamulungu, 6 Okutobala

M'mawa uliwonse ndiyeserera kuseri kwa nyumba. Nkhuku ndizo omvera. Mawu ena ayamba kutuluka. Dzina la Bertha ndilo likana, milomo imangomatana.

Lighton wabwera titaweruka kutchalitchi. "Ba mulamu, anthu adzakhala padzuwa, achitireni chifundo." Ndisanayankhe, wadziyankha yekha kuti ndavomera kuti alankhule ndiye. Moyo wanga wonse anthu kundivomerera zinthu.

Lachisanu, 25 Okutobala

Papulogalamu alemba Lighton. Thokozile akuti, "Atate, musadzipweteke mtima." Nayenso.

Mayi wa kuchipatala uja anandiuza kuti poyamba ndidziwitse anthu kuti ndili ndi chibwibwi, adikire. Akudziwa kale Kafue yense. Koma kundimva ndikunena ndekha, sanamvepo.

Loweruka, 26 Okutobala

Abusa atatha pemphero ndaimirira Lighton akukonzabe tayi. Ndati ndine wachibwibwi, mudikira. Pa dzina ndagwidwa. Nsagwada gwa, thukuta mpaka m'nsapato. Lighton watsegula pakamwa, Thokozile wamukoka jekete mpaka wakhala pansi. Ndapuma. Latuluka lopunduka, koma latuluka mwa ine.

Ndawauza za kondakitala. Aseka pamanda, ngakhale abusa. Lighton akuti dazi lake lapsa ndi dzuwa. Lipse.

Pofika kunyumba ndatsegula chitseko mofulumira, kuti ndimuuze Bertha mmene zayendera