Dona Wakana Kulira

Lolemba, 3 Marichi

Ndachita. Masana ano, Ababa atagona tulo tawo ta pambuyo pa chakudya, ndinatsegula boneti ya Dona n'kuchotsa rota. Kanthu kakang'ono ngati chitsekerero cha botolo, koma popanda iko moto sufika ku mapulagi, galimoto singalire ngakhale uigwadire. Kali m'chikwama changa, m'kathumba ka zipi, pamodzi ndi mapini.

Anandiphunzitsa ndi iwo omwe, ndili mtsikana. Ankati ndiyo njira yopusitsira akuba.

Koma ndikanatani? Dzulo mayi wogulitsa nthochi pamphambano anandiimitsa. Akuti Lachisanu Ababa anagunda tebulo lake, nthochi mbwee pamsewu, mwana wake anachita kudumphira m'ngalande. Iwo anangopitirira, chigongono pawindo, akuimba likhweru. Sanaone kanthu. "Sindinafune zakupolisi, ndi munthu wamkulu," anatero mayiyo. Adokotala a maso ananena kale chaka chatha kuti asiye kuyendetsa. Ababa anawayankha kuti Dona amadziwa yekha njira.

Lachiwiri, 4 Marichi

M'mawa Ababa anavala jekete ndi chipewa, akuti akukameta. Ine ndili pamakina osokera, makatani a kasitomala pamiyendo, khutu lili panja. Kiyi. Injini kungoti nye-nye-nye, osagwira. Kachiwiri. Kachitatu. Ndinaponda makina mwamphamvu kuti ndisamve, mpaka mzere unakhota, ndachita kusomola wonse.

Dona ndi wamkulu kuposa ine. Anamugula asanakwatire Amayi, wobiriwira, mpando wakutsogolo wautali ngati benchi la m'tchalitchi. Maliro a Amayi anatsogolera ndi iye. Sanagonepo panjira.

Tsiku lonse Ababa ali chiweramire mu injini. Mapulagi achotsa, apala ndi sandipepa, abwezera. Batire agwedeza. Madzulo analowa manja ali bii, n'kunena motsitsa mawu, "Zaka zonsezi sanandikanepo. Kapena manja angawa ndi amene akalamba."

Ndinawapatsa sopo. Sopo basi.

Lachitatu, 5 Marichi

Sanadye bwino. Inenso ayi.

Lachinayi, 6 Marichi

Apeza. Osati ndi maso, ndi zala. Anatsegula chivundikiro cha disitibyuta, momwe mumakhala rota, n'kupisamo chala, n'kupeza pali mbee. Ndinamva "Eee!" ndili kukhitchini.

Ndinkadikira kuti andiitana. M'malo mwake anadikira amunanga kuti abwere kuntchito, n'kuwachingamira pakhonde.

"Mkamwini, kanthu kanga mwaika kuti?"

Amunanga kukamwa yasa. Ababa anapitiriza kuti akukumbukira bwino amene ananena pa tebulo kuti chiphapha chimenechi chingogulitsidwa kwa ogula zitsulo. Ananenadi, mwezi watha, koma moseka. "Nyumba ndi yanu, sindikukana. Koma galimoto ndi yanga."

Amunanga anandiyang'ana kamodzi kokha. Ine maso pa mbale imene ndinkapukuta, youma kale. Anangoti, "Pepani apongozi, tikambirana," n'kulowa.

Ndinali ndi mpata wonse wolankhula. Pakamwa panali ngati ndasokapo ndekha.

Lachisanu, 7 Marichi

Kuchipinda amunanga anandifunsa, "Kali kuti?" Ndinawaonetsa. Anakatembenuza m'manja, n'kuseka pang'ono, akuti kanthu kochepa chonchi n'kumene kawasandutsa mbava ali ndi imvi.

Anati, "Mkazi wanga, mlanduwu ndisenza. Bola akwiyire ine kusiyana ndi kuti aphe mwana wa eni. Koma mpaka liti?"



Pali china chimene sindinawauze, ndingolemba muno. Dzulo ndikukanganirana malo mu minibasi ndi mipukutu iwiri ya nsalu, kondakitala akundilalatira, ndinadzipeza ndikuyeza m'mutu mpando wakumbuyo wa Dona. Mipukutu ingalowe bwinobwino, ndi mapaipi a makatani omwe. Ndinafika mpaka poganiza zosintha mabuleki ndi kuikamo malamba. Ndiye ndinachotsa rota chifukwa cha mwana wa mayi uja, kapena chifukwa cha makatani anga? Ndikadzifunsa m'mawa yankho limakhala lina, madzulo lina.

Loweruka, 8 Marichi

Loweruka ndi tsiku la Dona, alire asalire. Ndowa, sopo, nsanza ziwiri, ina ya bodi ina ya magalasi, osaziphatikiza. Ababa anandiitana kuti ndiwathandize monga kale.

Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, anakapukuta, anakabwezera, anakasololanso, n'kukaika pafupi ndi mphuno. Kenako anandipatsa. "Taona iwe, dzuwa likundithobwa." Kunali mitambo. Oyilo anali pansi pa mzere, wakuda ngati phula. Munthu amene ankatikalipira tikangotseka chitseko mwamphamvu! Ndiye kuti papita nthawi asakuona mzerewo, ndipo sanauze aliyense.

Tinathira oyilo, tinawonjezera madzi mu ladiyeta, ndinapopa tayala lakumbuyo. Nditaponda buleki inatsika mpaka pansi, yofewa ngati siponji. Ndinawauza. Akuti umafunika kuipopa kawiri, Dona amafuna kumupempha.

Tikupukuta bampala anati, "M'nyumba muno ndiwe wekha amene umamumvetsa." Ndinapita kukatunga madzi ena, ngakhale ndowa inali yodzaza.

Lamulungu, 9 Marichi

Pa tebulo Ababa anapempha mchere kwa ine, uli pafupi ndi dzanja la amunanga. Amunanga anaukankhira kwa ine, ine n'kupereka. Chakudya chonse chinayenda choncho.

Lachiwiri, 11 Marichi



Sindinadziwe kuti Ababa anaimbira foni mnzawo wina wakale wogulitsa masipeyala. M'mawa uno anabwera ndi rota ina m'thumba la malaya, akuti anaifukula pansi pa katoni. Anamwa tiyi, anapita. Ine ndinali kuseri ndikuyanika nsalu.

Ndinangomva Dona walira. Kulira kwake kuja, kokhuthala, kogwedeza mawindo. Ndinataya zonse n'kuthamanga. Geti anali atatsegula kale, ali pa chiwongolero, chipewa kumutu, nkhope ikuwala ngati mwana. Sindinaganize. Ndinaima pakati pa geti, manja m'mwamba, nditavala diresi lofiira, dzuwa lili phwee.

Anabwera ndithu. Pang'onopang'ono, koma anabwera. Ndinkawayang'ana m'maso kudzera pagalasi, iwo akuyang'ana pomwe ndinaima, osandiona. Ndinakuwa, injini inameza mawu. Bampala inandigunda m'mawondo, ndinagwera pa boneti n'kuimenya ndi manja. Apo m'pamene anaponda buleki. Kawiri. Inagwira kachiwiriko.

Anatuluka akupapasa. "Ndani? Ndagunda ndani?"

"Ndine, Ababa."

Anandigwira kumaso, m'mapewa, m'mikono, akungoti mwanawe, mwanawe. Ndinali nditakhala pansi, bondo likutuluka magazi pang'ono. Ndinawauza pomwepo, zonse, mosakonza: za nthochi, za mwana wa m'ngalande, za rota imene ili m'chikwama changa. Kuti amunanga sanakhudze kanthu.

Anachotsa manja awo pa ine. Anazimitsa injini, anasiya kiyi pomwepo, n'kulowa m'nyumba akugwira khoma.

Lachitatu, 12 Marichi

Bondo latupa, koma ndikuyenda. Chitseko chawo n'chotseka. Chakudya ndikusiya pa mpando, mbale ikubwerako theka.

Sindikudziwa chimene chikuwapweteka kwambiri, kuti anandigunda kapena kuti ndinawaonerera masiku onse aja akudzida okha.

Lachinayi, 13 Marichi

Ababa anatuluka amunanga akumanga nsapato pakhonde. Anaima pafupi nawo, anati, "Mkamwini, ndinakulakwirani." Amunanga anaimirira, nsapato imodzi kuphazi, n'kunena kuti palibe kanthu apongozi, chiphapha chija ndinachinyozadi. Ababa anatsala pang'ono kuseka.

Ine sanandilankhule. Anandidutsa pakhomo ngati mpando.

Loweruka, 15 Marichi

Ndinaitana makaniko. Ndinauza Ababa kudzera pachitseko kuti akubwera kudzaona mabuleki.

Makaniko anakweza Dona pa jeke, n'kundionetsa mapaipi a mabuleki, osweka ngati milomo ya m'chilimwe. Wasintha onse, wachotsa mpweya, waika mababu owala kutsogolo. Pa za malamba anati palibe pomangira, afunika kuboola. Ndinavomera. Dirilo itangoyamba kulira ndinatseka maso, ngati akuboola dzino langa.

Windo la Ababa linatseguka. "Auze aike chitsulo chokhuthala kunsi kwake! Pansipo m'popyapyala, bauti idzazuka!" Windo linatsekeka.

Makaniko anandiyang'ana. Ndinati achite zimene amva.

"Auze." Ndiye kuti alankhula nane, eti? Ndikuwerengera.

Lolemba, 17 Marichi

Ndamuyendetsa ndekha koyamba, kukapereka makatani. Analowa bwinobwino monga ndinkaganizira, ndipo zimenezo zinandiwawa. Chiwongolero n'cholemera, giya yachiwiri ikukana, ndinazimitsa kawiri pa maloboti anthu akundiimbira hutala. Fungo la m'katimo ndi la Ababa lokhalokha, polishi ndi mafuta a m'tsitsi. Pobwerera ndinaima pambali pa msewu n'kulira pang'ono, kenako ndinagula petulo.

Nditalowa pageti katani la kuchipinda kwawo linagwedezeka.

Lachitatu, 19 Marichi

Lero linali tsiku la Ababa la kuchipatala cha maso. Ndinali nditakonza zoitana takisi, poopa kuwafunsa. Ndikutuluka ndinawapeza ali kale panja, jekete, chipewa, ataima pa chitseko cha dalaivala, dzanja pa chogwirira.

Anaima choncho kwa kanthawi. Kenako anachotsa dzanja, n'kuyamba kuyenda akusisita boneti, kudutsa kutsogolo, mpaka mbali inayo. Analimbana ndi chitseko, chifukwa chimafuna kuchinyamula pang'ono, ndipo iwo sanalowerepo mbali imeneyo. Anakhala. Anapapasa lamba, ndinati ndiwathandize, anandimenya kadzanja. Anamanga okha.

Ndinaliza injini. Anapendeketsa mutu kumvetsera.

"Giya yachiwiri usamaikokere. Uziyamba wapumira pakati."

"Chabwino, Ababa."

Anayang'ana kutsogolo, maso ali gwa.

"Geti n'lotsegula?"

"N'lotsegula."

"Palibe munthu?"

"Palibe."

"Ndiye ukudikira chiyani? Tiye."