Dalton Pakati pa Milandu Iwiri Yakale

Kanyama, Lusaka

Alongo anga a Enos,

Mwauka bwanji kumeneko ku Katete, inu ndi alamu anga ndi ana onse? Mwendo uja unaleka kutupa? Ndamva kuti chimanga chaka chino chakondwa, tiyamike Mulungu. Ife kuno tilipo, ngati kupuma kokha ndiko kukhalapo. Madzi alowanso m'nyumba, bedi ndalikweza pa mabuloko.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni ndimangolira. Inu mumakhalira kukuwa kuti netiweki yavuta, pamene si netiweki ayi, ndine ndatsamwa. Werengani mutakhala pansi, chifukwa kumapeto kuli katundu wanu.

Za Dalton, mwana wanga, munangomva zidutswa. Lekani ndikuuzeni zonse.

Mukudziwa kuti Kanyama ikasefukira, anyamata a mawilibala ndiwo amadya bwino, kuolotsa anthu ndi katundu wawo. Tsiku lija kunali chimvula masana, Dalton ali pa ntchito yake pafupi ndi msika. Wina anakuwa kuti kawalala, kawalala, waba foni! Kuno mawu amenewo akamveka, munthu safunsa. Amene amakazinga vitumbuwa amasiya mafuta pamoto. Gulu linathamangitsa mnyamata wina mpaka anagwera mu ngalande, ndipo anamumenya mpaka anasiya kulira.

Onse atamwazika, chitsiru changa chinatsala. Akuti anaona munthuyo akupumabe, anamukweza pa wilibala n'kumukankha mpaka ku polisi. Anafika naye atafa kale. Amene anamenya anapita kukadya kwawo. Amene anapezeka ndi mtembo, magazi ali m'manja, ndi mwana wanga.

Ku Khoti Lalikulu mboni yomuloza inali imodzi, mayi wogulitsa malasha. Anati anaona mnyamata wa jasi lachikasu akumenya ndi thabwa, ndipo ndi uyu. Alongo, jasi lachikasu mu Kanyama nthawi ya mvula! Ngakhale abusa athu ali nalo. Koma Dalton naye, pakamwa ngati bambo ake. Atamufunsa ngati anathamanga nawo, anavomera. Ngati anakuwa nawo, anavomeranso, n'kuwonjezera kuti aliyense anakuwa. Kumenya kokha ndiko anakana. Jaji anamupeza wolakwa pa kupha munthu mosakonzekera, zaka khumi.

Manje nkhani yafika pa apilo, ndiye kuti kukadandaula ku khoti la pamwamba kuti lione ngati jaji analakwitsa. Loya amene boma latipatsa ndi ba Monde, mayi wa Chilozi, wamng'ono thupi koma sazungulira polankhula. Ndinapita ku ofesi yawo nditavala chitenge changa cha ku tchalitchi, ndili ndi mawu ambiri oti akauze majaji: kuti Dalton samwa, kuti ndiye amandigulira mankhwala a BP, kuti nkhuku yomwe amaopa kuizinga. Anandimvera mpaka ndinatha. Kenako anati amayi, ku apilo zimenezo sizilowa. Kulibe mboni, ngakhale Dalton salankhula. Majaji amawerenga zimene zinanenedwa kale, ndiye amafunsa kuti mlandu wonga uwu, akuluakulu amene analipo ife tisanabwere anaugamula bwanji.

Ndinafunsa kuti kodi iwo alibe mitu yawo? Anaseka pang'ono. Anati mitu ali nayo, koma lamulo lifuna kuti milandu yofanana ithe mofanana, kuti wa ku Kanyama asalangidwe mosiyana ndi wa ku Kabulonga kwa anthu olemera. Khoti la pamwamba likagamula, makhoti a pansi amatsata, ndipo nalonso silisiya msanga mawu ake akale. Anati zili ngati miyala imene timaika m'madzi kuno: wobwera pambuyo amaponda pamene anaponda mnzake. Ine ndinati ba loya, miyala imeneyo ndimaidziwa, ina imatembenuka.

Ndiye anandiuza za milandu iwiri.

Woyamba ndi wa bambo wina wa ku Migodi, Dalton asanabadwe. Nayenso anamuloza munthu mmodzi amene anangomuona kamphindi, anthu ali piringupiringu. Majaji a apilo anati mboni ikhoza kukhala yoona mtima koma maso ake n'kuinamiza, ndipo jaji ayenera kuyamba wadzichenjeza asanamange munthu pa umboni wotere. Bambo uja anatuluka. Ba Monde akuti jaji wa Dalton sanaonetse bwino kuti anadzichenjeza. Nditamva izi ndinaimirira, ndinafuna kuvina mu ofesi ya eni.

Anati khalani pansi, amayi, ulipo wina.

Wachiwiri ndi wa bambo wa kumwera, amene anali m'gulu lomenya wakuba ng'ombe. Iye anachita apilo kuti sindine ndinapha, ndipo zaka zandichulukira. Majaji anati ukalowa m'gulu ndi mtima umodzi woti munthu apwetekedwe, imfayo ndi yakonso, ngakhale dzanja lako linali lopepuka. Ndiye anaonanso kuti chilango chimene anapatsidwa chinali chochepa pa moyo wa munthu. Anamuwonjezera, alongo. Anapita kukapempha kuti amuchotsere, anabwera atasenza zochuluka.

Ba Monde akuti loya wa boma wotsutsa adzanyamula mlandu wachiwiriwu, ndipo adzawerenga mawu a Dalton omwe aja, ndinathamanga nawo, ndinakuwa nawo. Ba Monde iwo adzanyamula woyamba, adzanenanso kuti kuthamanga si kumenya, ndipo wofuna munthu afe samukweza pa wilibala. Majaji adzasankha kuti Dalton afanana ndi uti. Akafanana ndi wa ku Migodi, abwera kunyumba. Akafanana ndi wa kumwera, khumi zija zikhoza kukhala pomwepo, kapena kukwera, mwina kufika makumi awiri. Tikapanda kuchita apilo, zikhala khumi, ndipo akakhala bwino m'ndende amachotserako.

Ndinafunsa ngati anthu awiriwa ali moyo, ndikawaone nkhope. Anati sadziwa, amangodziwa maina awo m'mabuku. Mayo ine! Mwana ndinamubereka ndekha, lero moyo wake uli m'manja mwa amuna awiri amene sitinamwe nawo ngakhale madzi. Wa kumwera uja ndimamulota. Nkhope sindiidziwa, koma ndimamulota atakhala pa khomo panga. Akale sananame, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndinawakakamiza ba Monde kuti anene, akanakhala mwana wawo akanatani. Anati mwayi ulipo ndithu, ndipo si wochepa, koma sangalumbire, ndipo kusankha ndi kwa Dalton. Nthawi yolembetsa apilo ndi yaifupi. Mwezi uno ukatha, chitseko chivuta kutsegula.

Ngati izi sizikwanira, Lachiwiri kunabwera mayi wina wa ku Chawama, bana Mwaba, anachita kufunsira nyumba yanga. Mwana wawo ali pa rimandi, m'ndende kudikira mlandu, mlandu wake ngati womwewu, gulu, kawalala, mboni imodzi. Loya wawo anawauza kuti apilo ya Dalton ikapambana, jaji wawo adzayenera kuiyang'ana. Anagwada m'matope pakhomo panga, mayi wamkulu kuposa ine, akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, limbani mtima, mutitsegulire njira. Ndinawafunsa kuti nanga tikagwa? Tonse tinadziwa kuti tikagwa, dzina la Dalton ndilo lidzawerengedwa pomanga mwana wawo, ndi ana a ena amene sanabadwe. Ndinawakalipira, alongo, ndinati wanga si mbuzi yoyesera kuya kwa mtsinje. Kenako tinalira tonse, ndinawaperekeza mpaka pa minibasi.

Abusa akuti tisale kudya tipite ku apilo, Mulungu satayitsa. Zoona, koma wa kumwera uja nayenso anali ndi amake amene anapemphera.

Ndinapita ku ndende ya Chimbokaila kukamuona Dalton. Waonda, khosi lachita kutalika. Ndinamufotokozera zonse. Anati mami, ine ndikasankha ndekha vinthu vimaonongeka, onani wilibala ija. Akuti funsani amalume, ndiwo mwini mbumba, chimene anene ndisaina. Mwana wobadwira mu tauni, amene Chichewa chake mumachiseka, lero wakumbukira mwambo.

Ndiye katundu wanu ndi ameneyo. Ine ndalephera. M'mawa ndimati tipite, pofika masana ndimati tisiye. Zaka khumi mwina ndingazipirire ndi BP yangayi. Makumi awiri, adzatuluka kudzaona manda anga. Koma kumusiya agone khumi pa thabwa limene sanagwire, chitseko chili chotsegula, nalonso ndi tchimo.

Ndikuuziranitu, musadzati sindinanene. Mukati tisiye, ndidzakudandaulani chaka chilichonse chimene ali mkati. Mukati tipite ndiye amuwonjezera, sindidziwa ngati ndidzathanso kukuyang'anani kumaso. Mumandidziwa mlongo wanu, sindinama. Koma nenani ndithu, ndagwira mwendo wanu. Musanditumizire mawu oti tipemphere kaye, kupemphera ndikupemphera kale. Imbani foni, munene liwu limodzi, ine ndidzakhala chete kuti mumveke.

Mulungu wa makolo athu akupatseni nzeru, akusungeni inu ndi nyumba yanu. Moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa onse ofunsa za ife. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga. Akafunsa za mdzukulu wawo, muwauze zomwe zija, kuti akadali pa ntchito ku Solwezi. Akafunsa kuti abwera liti, yankho lake lili ndi inu.

Ndine mlongo wanu wamantha,
Petronella