Lamba wa apongozi

Loweruka, mwezi wa Julayi. Tsiku la manyazi.

A Banda akuntchito amati magalimoto akuluakulu amakonowa ndi mapulasitiki okhaokha, koma yangayi sinandigwiritsepo mwala, m'matope kapena m'mabampu. Lero ndinakatenga apongozi aakazi ku Zemba kuti adzaone khanda lathu. Matayala, madzi, oyilo, zonse ndinayang'ana mobwereza.

Apongoziwo anakhala kumbuyo, monga mwa ulemu. Titangonyamuka, galimoto inayamba kulira: tii! tii! Imatero munthu akapanda kumanga lamba. Ndinawapempha kuti amange, maso anga ali kutsogolo. Anakoka, anapotoza, zinakanika. Nanga mkamwini angatambasule mkono kukamanga apongozi ake m'chiuno? Mudzi wonse ungamve.

"Atate ake a mwana, chikudwala chinthuchi?"

"Iyayi amayi, n'kuchenjera kwake chabe."

"Imani, chingatiphulikire. Ndife ndisanaone mdzukulu?"

Anatsika n'kukwera ngolo ya ng'ombe yopita kuboma, komwe timakhala. Ine ndinkakwawa pambuyo pake, galimoto ili zii ngati sinalakwe.

Mkazi wanga akusekabe kuchipinda. Koma Lolemba apongozi ayenera kubwerera kumudzi, ndipo anena kale kuti chodwala chija sakweranso...