Mchere ndi Makala Kuseri kwa Sitolo

Achimwene,

Salaamu aleikumu. Kuno tonse tili bwino, kupatula mwendo wa amayi uja. Kaya inu ku Joniko?

Sabata yatha mmisiri wa magetsi anamaliza kuika mawaya m'sitolo ya abambo. Kenako anakumba dzenje kuseri, n'kukhomeramo ndodo yamkuwa, n'kuthiramo mchere ndi makala. Nditamufunsa, anati, "Magetsi akasochera azithawira pansi, asagwire munthu pafiriji."

Koma abambo akwiya. Akuti, "Kumeneku n'kutsirika! Pakhomo pa Msilamu sitikwirira mankhwala." Akufuna kuizula, ine ndawachonderera kuti adikire yankho lanu.

Inu amene mumaona magetsi kumgodiko, tandiuzani: mcherewo umawaitana bwanji? Nanga makalawo ngachiyani?

Yankhani msanga. Allah akusungeni, nanenso andisunge, poti wotsegula firijiyo tsiku ndi tsiku ndine.

Mlongo wanu,
Asiyatu