Mnyanja wa ku Mchinji Wamira ku Doha

Al Muntazah, Doha
16 Novembala 2020

Okondedwa achemwali a Phyllis,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja ukupola? Ine kuno ndili bwino, kungoti m'mimbamu mudakali madzi a kuhotela. Dikirani ndifotokoze.

Mukukumbukira kuti mu Juni anatitsekera m'chipinda masabata awiri chifukwa cha kolona. Ndinali ndi mlonda mnzanga, Nurlan, wa ku Kyrgyzstan, dziko la mapiri okhaokha. Munthu ameneyu akayamba za nyanja yakwawo, Issyk-Kul, sapuma. Akuti ili pakati pa mapiri oyera ndi chipale, koma madzi ake saundana ngakhale kuzizire chotani. Akuti kum'mawa kuli tawuni ya Karakol, kumadzulo Balykchy, kutanthauza msodzi, ndipo pansi pa madzi pali mzinda wakale umene unamira ndi miphika yake yomwe.

Ine mumandidziwa, sindigonja pakamwa. Iye akati Karakol, ine ndimati Karonga. Akati mzinda womira, ine ndimatulutsa Nkhotakota ndi mbiri ya a Jumbe, zonse za ku Sitandade 6. Mapiri a ku Livingstonia ndinawatalikitsa kawiri. Pomaliza ndinamuuza kuti chilankhulo chathu dzina lake lina ndi Chinyanja, ndiye kuti ife ndife anthu a m'madzi. Zoti kwathu ndi ku Mchinji, ndipo nyanja ndinangoiona pa kalendala wa kugolosale, sindinatchule.

Tsono litabwera lamulo loti munthu angathe kusintha ntchito popanda kalata ya abwana, Nurlan anamva kuti hotela ina ikufuna woyang'anira alendo padziwe losambirira. Ntchito yamumthunzi imeneyo achemwali, osati yoima pageti dzuwa likukuwotcha ngati mbatata. Osandifunsa n'komwe, anakauza bwana wakumeneko kuti ali ndi mnzake amene mtundu wake wonse dzina lake ndi nyanja. Ndikanakana bwanji? Ndinayeserera masiku atatu, kupalasa manja pabedi ndi kuviika mutu m'ndowa.

Loweruka tinapita. Bwanayo anangoloza madzi n'kunena kuti yalla, ndilowe aone. Ndinavula masiki, n'kutseka maso, n'kudumpha. Ndinapita pansi ngati khasu. Ndinayesa kuitana amayi, koma m'malo moti mawu atuluke, madzi ndiwo analowa. Nurlan ataona thovu lokhalokha anadumphiramo ndi nsapato zomwe. Nayenso anamira. Tinagwirana makosi m'menemo mpaka mayi wina wokolopa anatikuwira kuti tingoimirira. Titaimirira, madzi analekeza pachifuwa.

Ntchitoyo yapita, ndabwerera pageti. Tili m'basi chinyowere, Nurlan anaulula kuti kwawo ndi ku Osh, ulendo wa tsiku lathunthu kuchoka kunyanjako, ndipo zonse zija anaziwerenga pafoni. Nane ndinaulula za Mchinji. Tinaseka mpaka dalaivala anacheuka. Kenaka ndinayang'ana nsapato zake zonyowazo. Munthu wosadziwa kusambira anadziponya m'madzi chifukwa cha ine. Sindikubisirani, misozi inalengeza.

Pempho langa ndi limodzi. Ndege zikayamba kuyenda bwino ndibwera naye. Muwapemphe alamu, poti kwawo ndi ku Nkhata Bay, atipezere pogona kwa abale awo, atitengenso kunyanja, ife awirife, inu ndi amayi, tikaione ndi maso athu. Koma atisankhire malo osaya. Ndipo nkhaniyi isawafike amalume, pakamwa pawo mukupadziwa.

Moni kwa amayi, alamu, azakhali a Maliyamu ndi ana onse. Nurlan nayenso akupereka moni, akuyanika nsapato.

Ndine mlongo wanu,
Chester, Mnyanja wa madzi a m'ndowa