Ufa Woyeretsa Mano Umene Munanditumizira

Kaporo
Karonga
14 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali anga Eliness,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Lilongweko pamodzi ndi alamu. Kuno tili bwino pang'ono. Mpunga tinamaliza kupuntha, ndipo mwendo wa amayi wasiya kutupa. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mawu amandithawa, inu mumandidziwa.

Lachiwiri ndinapita kuchipatala ku boma. Mano anga awiri akutsogolo, am'munsi, akugwedera. Ndikaluma chinangwa ndimasiyapo magazi. Dokotala wa mano, mayi Farida a ku Mangochi, atangondiyang'ana mkamwa anafunsa kuti, “Mwanawe, umatsukira chiyani?”

Ndinatulutsa kabotolo ka ufa woyera kamene munanditumizira mu Juni. Anathira pang'ono pachikhatho, n'kufikisa ndi chala, n'kupukusa mutu.

“Uwu ndi wotsukira mapoto. Ndiye magazi akamatuluka iwe osasiya?”

Ndinayang'ana pansi. Sindinawauze zimene munandiyankha tsiku lija nditakudandaulirani, zoti magaziwo ndi zoipa zikutuluka, ndipitirize katatu pa tsiku.

Anajambula dzino papepala n'kundifotokozera mofatsa. Akuti nkhama sizimangotsamira pa dzino ayi. Thupi limapanga zomatira zakezake kuchokera ku zomanga thupi, komanso tiulusi tosaoneka ndi maso, timene timamangirira nkhama ku dzino kuti tizilombo tisapeze polowera. Ufawu unkapala nkhama zanga mpaka zinamatuka n'kutsika, tizilombo tinalowa n'kuyamba kudya tiulusi tija. Ndinakumbukira mbande zathu chaka chija madzi atasefukira, zitaima koma mizu ili pamtunda. Ndinafunsa ngati nkhamazo zidzabwerere. Anati zimene zatsika sizikweranso zokha. Dzino limodzi likhoza kulimba ndikasamala, linalo sakulonjeza. Ananditsuka mkamwa, ndipo ndidzapitanso mwezi wamawa kuti akaone ngati lichotsedwe.

Mpaka pamenepo, achemwali, mumtima ndinkakuikirani kumbuyo. Ndinkati nanunso anakunamizani amene anakugulitsani.

Pobwerera ndinakwera minibasi imodzi ndi Carol, mnzanu uja wa ku Mlare amene munkakhala naye nyumba imodzi. Ataona ndagwira pakamwa anafunsa, ine n'kumuonetsa kabotolo. Anaseka mpaka anthu kutembenuka.

“Iwe Tusekile, ukupakabe zimenezi? Mkulu wako anasiya mu Malichi, nkhama zitatupa ngati tomato. Anangoti katundu wotsalayo asawonongeke.”

Kenako anandionetsa pa foni yake chithunzi changa. Ndi chija munandijambula pa Khirisimasi pansi pa mtengo wa mango, mukundinyengerera kuti, “Chotsa dzanja pakamwa, mano ako ndi okongola.” Pansi pake munalemba kuti mano amenewa anayera ndi ufa wanu. Nthawi imeneyo ufawo ndinali ndisanauone n'komwe. Tsiku limene munandijambula lija ndinasangalala kwambiri, chifukwa palibe anali atandiuzapo kuti ndili ndi chinthu chokongola.

Ndawerenga miyezi pa zala kangapo. Malichi amayamba, Juni amabwera pambuyo. Ndayesetsa kuti ziwerengeke mwina, zakanika.

Nanenso ndili ndi mlandu. Mabotolo ena aja munati ndigawire anzanga a kwaya, ndinagawadi. Eunice wayamba kale kulavula magazi. Dzulo titatha kuyimba ndinaimirira pamaso pa onse, ine amene ndimabisala mzere wakumbuyo, ndinatsitsa mlomo ndi chala kuti aone. Mabotolo asanu ndi limodzi tinakawataya m'chimbudzi. Anandifunsa kumene ufawo unachokera, ndinangoti ku tauni.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Chotsani chithunzi changa, chifukwa mano ali pamenepowo sindilinso nawo. Ndipo musatumizirenso mwana wa munthu aliyense ufa umenewu.

Mupereke moni kwa alamu, ndi kwa mwana wanu Ambokile, mumuuze kuti amayi ake aang'ono amusungira mpunga wa kilombero. Mswachi wake muzimugulira wofewa. Amayi akupereka moni wambiri. Dzulo lomwe amauza alendo kuti muli ndi mtima wabwino, simuiwala mng'ono wanu. Andifunsa kawiri chifukwa chimene ndasiyira kudya chimanga chowotcha. Pa Khirisimasi mukabwera mudzawayankhe ndinu, ine ndidzakhala pomwepo.

Ndine mng'ono wanu,
Tusekile